Za Makamera a m'Nyumba ya Amisiri: Mawu a Mlendo Wolemekezeka ku Katete

Mafumu athu pamodzi ndi nduna zanu, anyakwawa a midzi yozungulira, abusa ndi akulu a mipingo, akuluakulu a boma, apampando ndi komiti yonse ya nyumba ino, amisiri ndi ophunzira anu, amayi ndi abambo amene mwalawirira kuchokera ku Sinda ndi ku Vubwi, ndi inu eni mudzi a kuno ku Katete: ndiyamba ndi kuomba m'manja, monga ayenera kuchitira mwana aliyense woimirira kuti alankhule m'dziko la Kalonga Gawa Undi, ndipo ndipempha kuti mundibwereke makutu anu kanthawi, ngakhale alipo pakati panu a imvi zoposa zanga.

Chiyambire chaka cha 2022, pamene boma linakweza ndalama za chitukuko cha madera (CDF) kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, anyamata ndi atsikana athu ambiri apita kukaphunzira ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka ndi zamagetsi. Koma ife amene tikhala nawo m'midzi tidziwa kuti ambiri a iwo, atabwerako ndi pepala la umboni m'manja, anakhala pansi pa mtengo wa mango osowa chogwira, pakuti mmisiri wopanda zida manja ake angokhala pachabe. Nyumba imene titsegula lero yasonkhanitsa pansi pa denga limodzi makina osokera, makina owotcherera, macheka, mabatire ndi masola, kuti iye amene sakanatha kugula chimodzi mwa izi ngakhale atagulitsa nshawa ndi soya wa zaka ziwiri, abwere m'mawa, akonze ngolo ya mnansi wake kapena felemu la chitseko, ndi kubwerera madzulo ali ndi ya ndiwo. Mwachita chinthu chokoma, ndipo ndikuthokozani.

Sindidabwa kuti mutaika chuma chotere m'nyumba imodzi munayamba kuganizira za mbala. Katete ali pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo pano pomwe papatuka msewu wa ku Chanida wolowa m'Mozambique. Abale athu a ku Vubwi ali ndi malire a Malawi mbali iyi ndi a Mozambique mbali iyo. Misewu imeneyi ndi dalitso la malonda athu, koma imene ithamangitsa chimanga ndi thonje ndiyo ithamangitsanso katundu wakuba, kotero kuti makina otuluka pa zenera pakati pa usiku, tambala asanalire kawiri, ali kale kutali kumene mwini wake sangawalondole. Chifukwa chake makamera amene mwapachika sindiwadzudzula ayi. Koma popeza apampando anandipempha kuti ndinenepo mawu pa makamera amenewa, ndifuna kukhalitsa pa mbali imene ogulitsa makamera saitchula: kuti chida chimene chiona mbala chionanso wina aliyense, mayi woyamwitsa, mtsikana woyesa diresi, nkhalamba yopunthwa pakhomo, ndipo chimene chaona sichiiwala.

Makolo athu, amene sanadziwe magetsi, anali nalo lamulo la maso, ndipo linali lolimba. Munthu sankafika pakhomo la mnzake osaodira, ndipo ataodira ankaima chapatali kufikira atayankhidwa, kuti wa m'nyumba apeze mpata wodzikonza. Bafa ankalitchinga ndi udzu ngakhale pa mudzi wa abale okhaokha. Mkamwini akaona apongozi ake akudza m'njira ankapatukira kutchire. Mayi wa m'chikuta sankaonedwa ndi aliyense wongofuna, ku tsimba kwa anamwali mwamuna sankasuzumirako, ndipo za ku dambwe, inu mafumu mudziwa bwino kundiposa ine, zili ndi eni ake. Ngakhale pa Kulamba ku Mkaika, kumene kumapeto kwa Ogasiti kusonkhana Achewa a maiko atatu ndi alendo onyamula makamera a mitundumitundu, chimene chituluka pabwalo ndicho chionedwa, ndipo chimene chitsala kuseri chitsala kuseri. Miyambo yonseyi inaima pa nzeru imodzi, yakuti kutha kuona chinthu sikupatsa munthu chilolezo cha kuchiona, ndi kuti amene waona mwangozi chimene sanayenera kuona ali ndi mangawa a kutseka pakamwa pake.

Malembo Oyera atiphunzitsa zomwezo pa nkhani ya Nowa. Nkhalamba ija itagona m'hema mwake yosavala, mwana wake Hamu anaiona, natuluka kukauza abale ake kunja. Koma Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, nayenda chafutambuyo, nafunditsa atate wawo nkhope zawo zili kumbali. Tchimo la Hamu linakula pamene anatenga chimene anaona n'kuchitulutsira pabwalo. Ndinena izi chifukwa m'masiku athu ano pabwalo ndi pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo yense wa ife ali nayo m'thumba njira yochitira chimene anachita Hamu, kwa anthu zikwizikwi, dzuwa lisanapendeke.

Ndipo musayese kuti izi ndi za mwambo ndi za mpingo zokha. Malamulo aakulu a dziko la Zambia, pa gawo 17, ateteza munthu kuti thupi lake ndi malo ake zisafufuzidwe popanda chilolezo chake. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Data Protection Act, nambala 3 ya chaka chimenecho, limene linena kuti aliyense wosunga mbiri ya anthu ena, ndipo chithunzi chimene munthu angazindikirike nacho ndi mbiri yake, aisunge pa chifukwa chodziwika ndi chololeka, asaigwiritse ntchito ina yosiyana ndi chifukwacho, aiteteze kuti isagwe m'manja mwa osayenera, ndipo mwini wake akafunsa chimene chasungidwa chokhudza iye ayankhidwe. Lamulo lomwelo linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner, ndipo lichenjeza makamaka pa za ana, kuti mbiri yawo ifuna chilolezo cha kholo kapena womlera. Anthu ambiri amayesa kuti malamulo otere analembedwera mabanki ndi makampani a mafoni, kapena makamera a boma amene apachikidwa m'misewu ya ku Lusaka. Koma tsiku limene komiti ino inalumikiza kamera yoyamba, inalowa m'gulu la osunga mbiri ya anthu, ndipo ndilangiza alembi kuti alembere ku ofesi imeneyo ndi kufunsa zimene nyumba yonga ino iyenera kukwaniritsa, ndi nthawi imene zithunzi ziyenera kusungidwa zisanafufutidwe.

Tsono kamera iloze kumene kuli chuma: pa chipata, pa chitseko cha mosungira zida, pa denga pamene pali masola. Njira ya ku chimbudzi ndi ku bafa ikhale kunja kwa diso lake, ndiponso ngodya ija imene atelala apachika nsalu kuti amayi ayesere zovala. Pamenepo pasakhale kamera, ingakhale yozimitsa, pakuti mayi amene aona galasi likumuyang'ana sangadziwe ngati lili maso kapena lagona, ndipo sadzabweranso. Ndinaona polowa kuti kuseri kwa mpanda wanu kuli nyumba za anthu ndi njira ya ku mjigo. Eni nyumbazo sanapemphe kulonderedwa, ndipo ali ndi ufulu wa kudya nsima pakhonde pawo, kukangana ndi kuyanjana, popanda kulowa m'kabokosi kanu kosunga zithunzi. Muwaitane adzaone okha pa sikirini pamene kamera ilekezera, ndipo ngati idutsa mpanda, muiweramitse iwo akuona. Makamera ena a masiku ano amatolanso mawu. Chimenecho muchitseke ndithu, chifukwa mbala igwidwa ndi nkhope ndi mayendedwe, pamene mawu a pa benchi ya amisiri ndi a ngongole, a matenda ndi a maukwati, ndipo palibe komiti imene ili ndi gawo pa zimenezo.

Koma funso lolemera koposa ndi lakuti ndani agwira kiyi wa zithunzi. Makamera ambiri afika ndi nambala yachinsinsi ya ku fakitale, imene yense wodziwa mtundu wa kamerayo aidziwa, ndipo mmisiri amene anaipachika kawirikawiri ailumikiza ku foni yake poiyesa. Ngati simusintha nambalayo iye atachoka, munthu wokhala ku Chipata kapena ku Lusaka angathe kumaona m'nyumba muno usiku ndi usana inu osadziwa. Muisinthe lero. Ndipo isakhale mu foni ya munthu mmodzi, ngakhale atakhala apampando amene tonse tiwakhulupirira, pakuti foni ibwerekedwa, itayika, iseweretsedwa ndi ana madzulo, ndipo mtima wa munthu ukhala wina akakhala yekha ndi mphamvu yoona anzake mobisika. Davide anali mfumu yodzozedwa, koma anagwa chifukwa cha chimene anaona ali yekha pa tsindwi. Kabokosi kosunga zithunzi kakhale kokhoma, ndipo katsegulidwe pokhapokha pachitika kanthu, pamaso pa anthu atatu osankhidwa ndi msonkhano, mmodzi mwa iwo akhale mayi, ndipo alembe m'buku tsiku, chifukwa, ndi maina awo. Apolisi akafuna kanema pa mlandu, apatsidwe mwaulemu, ndipo zimenezonso zilembedwe m'buku lomwelo.

Lidzafika tsiku, ndipo ndinena izi ndi chisoni, limene m'mawa mudzapeza loko wothyoka, mudzatsegula kabokosi, ndipo mudzaona munthu. Pamenepo mitima idzatentha, ndipo wina adzanena kuti titumize kanemayu m'magulu onse kuti mbalayo idziwike. Ndikupemphani m'dzina la ana anu kuti tsiku limenelo mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamera usiku kawirikawiri ionetsa zakuda ndi zoyera zokha, nkhope zichita chimbuuzi, ndipo munthu wovala chipewa ndi jekete afanana ndi anyamata makumi awiri a pa msika. Wotchi yake, magetsi akazima ndi kubweranso monga tinazolowera m'chaka cha chilala cha 2024, ingathe kusokonekera ndi kulemba ora limene silili loona. Tamva m'dziko muno za anthu omenyedwa ndi gulu mpaka kufa chifukwa cha mphekesera, ndipo pambuyo pake n'kupezeka kuti analibe mlandu. Mnyamata amene nkhope yake yayenda m'mafoni kuyambira ku Sinda mpaka ku Vubwi pansi pa dzina lakuti mbala, ngakhale bwalo litamuyeretsa, sadzapeza ganyu, sadzapeza mbeta, ndipo amake adzaweramitsa mutu pa mjigo. Mudzapita kukapepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Ndipo ngakhale atakhala kuti ndiyedi anaba, tili nawo apolisi, tili nawo mabwalo a milandu, tili nawo mafumu athu ali apawa, amene kuyambira kale adziwa kumva mbali zonse ziwiri asanagamule. Kanema apite kwa iwo monga mboni imodzi pakati pa mboni zina.

Kwa inu akapitao ndi amisiri aakulu ndili ndi mawu ochepa. Wophunzira amalakwa, amadula thabwa mokhota, amawotcha chitsulo mpaka kuboola, ndipo m'kulakwa momwemo ndimo aphunzira. Akadziwa kuti kulakwa kwake kudzaonetsedwa kwa anzake kuti aseke, kapena kuti mphindi zake za kupuma zikuwerengedwa ndi munthu wokhala pa sikirini, dzanja lake lidzanjenjemera ndipo sadzayesa kanthu katsopano. Makolo amene atumiza ana awo aakazi kuno, ena a iwo osafika zaka 18, akuikizani chinthu cha mtengo woposa makina onse a m'nyumba muno, ndipo ayenera kuuzidwa poyera, asanalembetse mwana, kuti makamera alipo, aloza kuti, ndipo aona ndani. Mlonda wanu musamchotse ntchito poyesa kuti kamera yalowa m'malo mwake: kamera siikuwa, siithamangitsa munthu, siidzutsa mudzi, ingosunga chimene chachitika kale, ndipo malipiro a mlondayo adyetsa banja la m'mudzi momwe muno.

Chotsala ndi chimodzi, chimene ndipempha kuti chichitike ife tisanabalalike. Pa chipata paikidwe chikwangwani cholembedwa m'chinenero chathu ndi zilembo zazikulu, chonena kuti pano pali makamera olondera katundu, ndi kuti wofuna kufunsa kapena kudandaula aonane ndi alembi a komiti. Ndipo popeza si onse awerenga, anyakwawa akanene mawu omwewa m'midzi mwawo ndi abusa m'mipingo Lamulungu likudzali. Ndamva kuti amisiri a matabwa ali nalo kale thabwa ndi utoto, choncho ntchito yoyamba yotuluka m'nyumba ino ikhale chikwangwani chimenecho, ndipo makamera ayatsidwe chitapachikidwa.

Ndi chilolezo chanu, mafumu, ndi m'malo mwa onse amene anaumba njerwa, anatunga madzi ndi kusonkha makwacha awo, ndilengeza kuti nyumba ya amisiri ino yatsegulidwa. Mulungu adalitse manja onse amene adzagwira ntchito muno.