MWANA AMENE ATSIRIZA MASAMU MSANGA

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za pulaimale)

M'kalasi iri yonse, ngakhale ya kumudzi kumene ana atatu apenyera buku limodzi, mupezeka mwana amene atsiriza masamu ace anzace asanafike pakati. Mphunzitsi akali kulemba samu yacisanu pabolodi, iye waika kale pensulo pansi, nayamba kuyang'ana kunja. Palibe mphunzitsi wosamdziwa mwana ameneyu. Nkhani ya lero iri ya mphindi zimene zitsatira, pakuti cimene mphunzitsi acita naye pa mphindi zimenezo, tsiku ndi tsiku, ndico cidzakuza nzeru zace kapena kuzifooketsa.

Kawiri kawiri cicitika cimodzi ca zinthu zitatu. Aphunzitsi ena ampatsa masamu ena 20 a mtundu womwewo. Ndipo mwana, pokhala wocenjera, azindikira kuti mphotho ya kufulumira ndiyo nchito yoonjezera, nayamba kulemba mwaulesi. Ena amuika ukapitao, kuti alembe maina a ocita phokoso. Pamenepo aphunzira kulamula anzace, koma masamu iai. Ena angomleka, nati, "Uyu alibe bvuto, adzakhoza mayeso." Mayeso a pulaimale adzakhozadi. Koma mwana amene akhala zaka zonsezo wosakomana ndi funso lomkanika ayesa kuti masamu ndiwo liwiro. Ndipo tsiku limene adzapeza samu yosatheka m'mphindi ziwiri, ku sekondale kapena ku koleji, adzati nzeru zace zatha, nadzaleka. Cimene asowa mwana wotere ndico funso lomuimitsa, lomkakamiza kulingalira ndi kunena cifukwa cace.

Carl Friedrich Gauss anabadwa m'caka ca 1777 ku Braunschweig, m'dziko la Germany, m'banja losauka. Mbiri ya ubwana wace, monga isimbidwa kawiri kawiri, iti mphunzitsi wace Büttner anauza ana onse kuti aonkhetse manambala kuyambira 1 kufikira 100. Anzace anayamba pomwepo kuphatikiza imodzi imodzi. Gauss anayamba wapenya. Anaona kuti 1 ndi 100 apanga 101, 2 ndi 99 apanga 101, 3 ndi 98 momwemonso. Ndipo popeza magulu otere a awiri awiri ali 50, yankho ndilo 50 × 101, ndiye kuti 5,050. Coyenera kukumbukira aphunzitsi ndico cimene Büttner anacita pambuyo pace. Anamfunira mwanayo buku lina lozama, ndipo wothandiza wace, Martin Bartels, anakhala pansi kuphunzira naye pamodzi. Mwana uja anadzakhala mmodzi wa akatswiri a masamu oposa onse m'mbiri ya anthu.

Mafunso oimitsa mwana safuna ndalama, ndipo ena safuna ngakhale buku. Mphunzitsi atenge njere za cimanga zodzala dzanja. Mwana aike njere imodzi. Aonjeze 3 m'mbali mwace, zikhale mizere iwiri ya njere ziwiri ziwiri, ndizo 4. Aonjeze 5, zikhale mizere itatu ya zitatu zitatu, ndizo 9. Aonjeze 7, zikwane 16. Tsono mphunzitsi afunse, "Ukaonkhetsa manambala oyamba 50 osagawika ndi 2, upeza zingati? Usawerenge, lingalira." Mwana amene aona kuti kuonjeza kuli konse kukuza mizere ndi umodzi adzayankha 50 × 50, ndizo 2,500, nadzatha kusonyeza ndi njere zomwezo kuti sizingakhale mwina.

Funso lina ndi la pabwalo la mudzi. Pali mbuzi ndi nkhuku. Mitu yonse iri 20, miyendo 56. Mbuzi ziri zingati? Mwana wina ayesa manambala kufikira apeza, ndipo njira imeneyo siri yoipa. Wina ati, "Zonse zikadakhala nkhuku, miyendo ikadakhala 40; yatsala 16, ndipo mbuzi iri yonse iposa nkhuku ndi miyendo iwiri; cotero mbuzi ziri 8, nkhuku 12." Ana awiriwa aimirire pamodzi, afotokozerane njira zao, naweruze okha imene idzathandiza mitu ikakhala 200.

Lacitatu ndi la kudimba. Munthu ali ndi waya wa mamita 24 wochingira dimba la ngondya zinai. Ana ambiri ayesa kuti popeza waya ndi yemweyo, malo a m'kati adzakhala omwewo. Ajambule, nawerenge timinda ta mita imodzi mbali zonse. Dimba la mamita 11 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi likhala ndi timinda 11; la 8 ndi 4 likhala ndi 32; la 6 ndi 6 likhala ndi 36. Kudabwa kumene kuoneka pankhope ya mwana pamenepo ndiko ciyambi ca masamu enieni.

George Pólya, katswiri wa ku Hungary amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Stanford ku America, anasindikiza buku lace lochedwa How to Solve It m'caka ca 1945. M'menemo anagawa nchito ya kumasula funso panai: kulimvetsa funsolo, kukonza njira, kuitsata njirayo, ndi kubwerera kukapenyanso cimene capezeka. Mwana waliwiro alumpha mbali yoyamba, ndipo yacinai saifika konse. Cifukwa cace, pamene abwera ndi kope lace, mphunzitsi asafulumire kuconga. Amfunse, "Wadziwa bwanji kuti nzoona? Kodi ungazipeze ndi njira yina? Nanga waya akakhala wa mamita 40, dimba lalikulu lidzakhala lotani?" Ndipo mwana akakanika, mphunzitsi adziletse kuulula yankho. Akhoza kumuuza kuti ajambule, kapena ayambe ndi manambala ang'ono. Koma amlole apite nalo funsolo kwao, agone nalo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha ndiko cinthu cimene mwana wanzeru saphunzira ngati zonse zimpepukira.

Mphunzitsi acenjerenso posankha amene amuyesa waluso. Woyamba kutukula dzanja sakhala nthawi zonse wolingalira mozama. Pali mwana wa kope lauve, wolakwitsa pophatikiza, koma wofunsa mafunso amene sali m'buku. Pali mtsikana wokhala kumbuyo, amene adziwa yankho koma aopa kusekedwa ndi anyamata. Maryam Mirzakhani wa ku Iran, amene m'caka ca 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, mphotho yolemekezeka koposa ya akatswiri a masamu, anali wodziwika kuti alingalira pang'ono pang'ono, osathamanga. Ndipo cimodzi ca zinthu zimene zinamkopa akali mwana cinali nkhani yomweyi ya Gauss, imene mlongo wace wamkulu anamsimbira kunyumba. Motero funso lozama liperekedwe kwa ana onse. Aliyense akhoza kuyala njere za cimanga. Wina adzalekera pa 16, wina adzapeza lamulo lace, ndipo mphunzitsi adzaona luso kumene sanaliyembekeza.

Pali ngozi ziwiri zimene ziyenera kuchulidwa. Yoyamba ndiyo kunyada. Mwana amene amva tsiku ndi tsiku kuti ali wanzeru ayamba kuthawa mafunso obvuta, kuopa kuti angataye dzina lace. Nkwabwino kuyamika nchito imene wacita: kupirira kwace, njira yaciwiri imene wapeza, ndi kufotokoza kwace komveka kwa mnzace wosamvetsa. Yaciwiri ndiyo kunyalanyaza maphunziro ena. Srinivasa Ramanujan, wobadwa m'caka ca 1887 kumwera kwa India, anakonda masamu kotero kuti analephera maphunziro ena ku koleji, nalandidwa thandizo la ndalama limene anali kuphunzira nalo. Anakhala zaka zingapo mu umphawi, kufikira kalata yace inafika kwa G. H. Hardy ku Cambridge m'caka ca 1913. Ana oculuka sadzapeza wowalandira monga Hardy; cotero mwana wa masamu asungidwe kuti awerenge ndi kulemba bwino, pakuti ganizo limene mwini wace satha kulifotokoza lifera m'mutu mwace.

Mphunzitsi wa ana oculuka angati, "Nthawi iri kuti?" Zimenezi sizifuna phunziro lapadera. Zifuna kangondya ka bolodi kosafafanizidwa, kumene funso limodzi lilembedwa Lolemba, nilikhala pomwepo sabata yonse. Wotsiriza masamu ace atembenukire kumeneko, ndipo Lacisanu mphindi khumi zikhale za ana ofotokoza njira zao. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana asinthane mafunso amene anayenda bwino, kuti wina asasenze yekha nchito ya kuwafuna.

Tsiku lidzafika limene mwana adzabwera ndi njira imene mphunzitsi sanaione ndi kale lonse, kapena ndi funso limene iye sadziwa kuliyankha. Pamenepo pasakhale manyazi kapena kukalipa. Mphunzitsi akoke mpando, akhale pambali pace monga anacita Bartels, nati, "Fotokozanso pang'ono pang'ono, timve." Mwana amene waona mphunzitsi wace alikulimbana ndi samu mosacita mantha sadzataya pensulo pa tsiku limene samu idzamkanika iye mwini.