MAIKO AWIRI AMENE ANAFA ALI AKHANDA

Kodi pafunika ciani kuti malo akhale dziko? Ena amati mbendera, ena amati mfumu, enanso amati cinenero cace-cace. Nkhani ya lero ndi ya amuna awiri a ku Ulaya amene anayesa kudzipangira dziko, ndipo onse awiri anasankha cinenero cimodzi, dzina lace Esperanto.

Cinenero ici sicinabadwire mu mtundu uli wonse ai. Anacipanga ndi Dr. L. L. Zamenhof, sing'anga wa maso, amene anakulira m'mzinda wa Białystok, kumene Ayuda, Apolishi, Arasha ndi Ajeremani ankakhala moyandikana koma mosakondana. Iye anaganiza kuti anthu akamvana mau adzamvananso mitima. M'caka ca 1887 anasindikiza buku lace loyamba ku Warsaw, nalembapo dzina lakuti Doktoro Esperanto, ndiko kunena kuti Dokotala Woyembekeza.

Dziko loyamba linayamba ndi mkangano. Itatha nkhondo ya Napoleon, maufumu a Prussia ndi Netherlands analimbirana kadera ka Moresnet, cifukwa munali mgodi wa zinki, mtapo wonga umene unkakumbidwa ku Kabwe. Popeza panalibe wofuna kugonja, m'caka ca 1816 anapangana kuti kaderako, ka maekala osakwana 900, kasakhale ka mmodzi yekha, koma akayang'anire pamodzi. Pambuyo pace Belgium analowa m'malo mwa Netherlands.

Mtapo utatha mu 1885, eni mudzi anayamba kuda nkhawa, pakuti cimene cinkawachinjiriza cinali citapita. Tsono Dr. Wilhelm Molly, sing'anga wa pamgodipo, anapeza nzeru. M'caka ca 1908 iye ndi anzace analengeza cifuniro cakuti Moresnet akhale dziko loyamba lolankhula Esperanto, ndi kuti dzina lace likhale Amikejo, ndiko kuti Malo a Abwenzi. Koma maufumu akulu aja sanabvomere. Mu 1914 asilikali a Germany analowamo, ndipo pangano la ku Versailles la 1919 linapereka kaderako kwa Belgium. Lero ndi mbali ya mudzi wa Kelmis.

Waciwiri anali Giorgio Rosa, injiniya wa ku Bologna, m'dziko la Italy. Iyeyu sanafune nthaka ya munthu. Anazika mizati isanu ndi inai pansi pa nyanja ya Adriatic, namangapo nsanja ya mayadi ngati 22 mbali zonse zinai. Inali pa mtunda wa mailosi 7 kucokera ku Rimini, kunja pang'ono kwa malire a madzi a Italy a masiku amenewo. Pa 1 May 1968 anati nsanjayo ndi dziko lodzilamulira, Insulo de la Rozoj, Cisumbu ca Maluwa a Rozi, ndipo iye mwini anakhala pulezidenti. Panali mbendera, malo omwera, ndi masitampa olembedwa m'Esperanto. Alendo ankadza ndi mabwato kudzaona zodabwitsazo.

Koma walira mvula walira matope. Boma la Italy linaona ngati Rosa afuna kudya ndalama za alendo osakhoma msonkho, ndipo silinakondwe kukhala ndi mnansi wotere pakhomo pace. Pa 25 June apolisi anafika nalanda nsanjayo popanda kukhetsa mwazi. Dzikolo linali litakhala masiku 55 okha. Rosa anakadandaula ku bwalo la milandu, koma sanapambane. Mu February 1969 asilikali a pamadzi anaiphulitsa, ndipo cotsala anamaliza ndi namondwe. Rosa anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 92.

Amuna awiriwa sanali opusa. Anali nao malo, anthu ndi dzina. Cimene anasowa ndi anansi owabvomereza, pakuti ngakhale nyakwawa siikhala nyakwawa mafumu anzace asanailonge. Codabwitsa ndi ici: maiko aja anafa, koma cinenero cimene anafuna kucipatsa mudzi cikali moyo. Kuyambira 1905 ocilankhula akhala akusonkhana pafupifupi caka ndi caka, uku ndi uko, ngati alendo m'maiko a eni. Cinenero copanda nthaka palibe msilikali angacilande.