Ulendo wa ku Mapiri a Dedza ndi ku Nyanja: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Caka



Anthu a maiko akutali amataya ndalama zambiri kukaona midzi ya pa zitunda ku Italy, monga Siena ndi San Gimignano, natsikira pambuyo pace ku gombe la nyanja. Koma mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Mgona akhoza kukula, nakwatira, osaona phiri la Dedza, limene liri pa mtunda wa makilomita ngati 85 okha kucokera ku Lilongwe. Ici ncinthu coyenera kucititsa Bungwe manyazi.

Wocoka m'mamawa afika ku Chongoni dzuwa lisanatenthe. M'mapanga a kumeneko muli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa miyala: zofiira anajambula Akafula, zoyera anajambula Acewa, ndipo zambiri za izo zikhudza cinamwali ndi Nyau. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi, monga linacitira ndi Siena mu 1995.

Kucokera pa Masasa mseu utsika mokhotakhota kunka ku Golomoti, ndipo tsiku lopanda nkhungu nyanja ioneka patali ngati nsaru yoyanika. M'tsinde mwa mapiriwo muli Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazika misyoni mu 1902. Pomwepo Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, nasonkhanitsa zinyau ndi mbiri ya Acewa, Angoni ndi Ayao. Wopitirira cakumpoto adutsa pa Salima nakagona ku Senga Bay.

Cifukwa cace mamembala apemphedwa kusonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kuti akatha kukolola Bungwe libwereke basi, ndi kuti banja liri lonse litumize mwana mmodzi wa sukulu. Opita atenge zobvala zofunda, pakuti Dedza azizira kwambiri m'June ndi m'July. Ayambe aonekera kwa mfumu ya mudzi ndi kwa osunga malo asanalowe m'phanga, ndipo asakhudze zithunzi kapena kulembapo maina ao, pakuti cithunzi cofufutika palibe angacibweze.

Akulu amene akumbukira tanthauzo la zithunzizo akucepa caka ndi caka. Ana akawamve akali ndi moyo.