UTSI WA M'KHITCHINI NDI UDINDO WATHU

Mau amene mmodzi wa ophunzira akale anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu.

Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo za mpweya woipa umene ukusokoneza nyengo, ndiponso za magulu amene akuthandiza anthu kuuchepetsa m'madera mwao.

Mtengo ukamakula umayamwa mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu mwake. Tikaudula n'kuuotcha, mpweya uja umabwerera kumwamba. Ukachuluka kumeneko umatsekereza kutentha monga chivindikiro pa mphika, motero mvula imasiya kubwera mwa dongosolo lake. Zoona, mpweya umene Malaŵi amatulutsa ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa maiko a mafakitale. Koma wathu wochepawo ukuchokera kwambiri ku mitengo imene tikudula, ndipo mitengoyo ikatha oyamba kulira ndife tomwe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'dziko muno, oposa 90 amaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake taziona. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi.

Tsono ndani akuchitapo kanthu? Pali magulu a amai amene amaumba mbaula ya dothi yotchedwa chitetezo mbaula, n'kuiotcha mu uvuni kuti ilimbe. Mbaula imeneyi imatchinga mphepo ndipo imalunjikitsa moto pa mphika, kotero imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu aja. Imayakanso ndi zitsononkho kapena mapesi a nandolo. Mu 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosaononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'mabanja, ndipo magulu otere anagwira mbali yaikulu ya ntchitoyi.

Ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa limaphunzitsa mabanja kumanga mbaula ya changu changu moto. Imeneyi imamangidwa ndi njerwa ndi dothi la pakhomo pomwepo, ndipo imaphika miphika iwiri nthawi imodzi. Makampani akunja amalipira ndalama chifukwa cha mpweya umene wapewedwa ndi mbaula zotere, ndipo ndalamazo zimathandiza kuti ntchito ipitirire.

Palinso makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, amene lamulo la za nkhalango la 1997 linawapatsa mphamvu. Makomiti amenewa amafesa mbande m'manazale, amasamalira nkhalango ya mudzi, ndiponso amalimbikitsa anthu kusiya zitsa kuti ziphukire. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Mabwana ndi madona, chimene ndikufuna titolepo n'chakuti mabanja ambiri sasintha kaphikidwe chifukwa chomva pa wailesi. Amasintha pamene mnzao wa m'mudzi momwemo wawaonetsa ndi manja, n'kubweranso patapita mwezi kudzaona ngati mbaula ija yang'aluka. Mutu umodzi susenza denga. Ntchito imeneyi imafuna gulu, ndipo ife pano ndife gulu kale.

Tisapite kutali. Tonse tikukumbukira milu ya nkhuni kuseri kwa khitchini ya sukulu ino, ndi akhuki athu akupukuta misozi mu utsi m'mamawa uliwonse. Nkhuni zimenezo zimagulidwa ndi ndalama zimene zikanagula mabuku. Choncho ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, pa zopereka zathu za chaka chino tipatulepo ndalama zomangira mbaula zikuluzikulu zosunga kutentha m'khitchini muno. Chachiwiri, tipemphe akuluakulu a sukulu atipatse malo oti tibzale keshya ndi nsungwi zodzadula nkhuni, ndiponso msangu m'munda wa sukulu. Kalasi iliyonse ya ife akale itenge mzere wake ndi kuusamala kwa zaka zitatu, pakuti mbande yongobzala n'kuisiya imathera kwa mbuzi, chiswe ndi moto wolusa. Chachitatu, tiitane gulu la amai oumba mbaula lidzaphunzitse ophunzira athu pamodzi ndi anthu a midzi yotizungulira, ndipo tiwalipire amaiwo moyenera.

Kwa inu okhala m'tauni, kumbukirani kuti thumba la makala limene mumagula m'mbali mwa msewu linali mitengo ya ku Dzalanyama kapena nkhalango ina yotere. Amene mungathe, phikirani gasi kapena magetsi, ndipo makolo kumudzi muwagulire mbaula ndi nyale ya sola.

A Wapampando, ndikupempha kuti mfundo zitatuzi zilowe m'zokambirana za lero, ndipo tisankhe anthu oziyendetsa tisanabalalike.