Udindo wa Mwini Mbumba Wagwera Bungwe Lathu Kuno ku Joni

Mwandipatsa mpata woti ndilankhule pa nkhani imene ambiri timaidziwa bwino koma sitikonda kuitchula pagulu, nkhani ya nkhanza za m'banja pakati pa ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg. Mfundo yanga ndi imodzi. Munthu wochitiridwa nkhanza amapulumuka akakhala ndi abale pafupi omwe angamve kulira kwake n'kuchitapo kanthu, ndipo ulendo wa ku Joni unatilekanitsa ndi abale amenewo. Amalume, amfumu ndi ankhoswe anatsala kumudzi. Chimene chilipo m'malo mwawo ndi bungwe lino. Choncho udindo umene unali wa mwini mbumba wagwera ife, kaya tikufuna kaya sitikufuna.

Tiyambe ndi kukula kwa vutoli, chifukwa alipo ena amene amati ndi nkhani ya mabanja ochepa osalongosoka. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 34 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kapena kupwetekedwa chikwanireni zaka 15. Mwa amayi amene anakwatiwapo, 42 mwa 100 alionse ananena kuti amuna awo anawachitirapo nkhanza zowamenya, zowakakamiza kugonana kapena zowazunza m'maganizo. Umu ndi mmene zilili kwathu kumene tinachokera. Dziko limene tikukhalamo nalo lili pa moto. Ofufuza a South African Medical Research Council anapeza kuti mu 2017 amayi pafupifupi atatu ankaphedwa tsiku lililonse ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo, ndipo mu June 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa ananena kuti nkhanza kwa amayi ndi mliri wachiwiri, pambali pa Covid-19. Munthu amene wachoka m'dziko loyambalo n'kudzakhala m'dziko lachiwirili sanathawe vutoli. Khalidwe silitsala pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza basi ikamatuluka. Ngati ziwerengerozi n'zoona kwathu, tivomereze kuti m'holo muno mwakhala amayi amene akudziwa ululu umenewu, ndiponso abambo amene anaupereka.

Tsopano taganizirani chimene chimateteza mkazi kumudzi. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kumene mwamuna amakakhala chikamwini, mkazi amagona pamudzi pa amayi ake, alongo ake ali nyumba yoyandikana, ndipo mkamwini amadziwa kuti akakweza dzanja mawa lake amalume amuyitanitsa. Kumpoto, kumene mkazi amapita kwa mwamuna atapereka malowolo, kumakhalabe akuluakulu a mbali zonse ziwiri amene anamanga ukwatiwo, ndiponso bwalo la amfumu. Pamwamba pa izi pali Victim Support Unit pa polisi, ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2006. Chitetezo chimenechi chili ndi mipata yake, ndipo ziwerengero zija ndi umboni. Amayi ambiri amabwezedwa kwa mwamuna wankhanza ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Komabe wankhanza kumudzi amadziwa kuti anthu akumuona, ndipo mkazi amadziwa khomo limene angagogode usiku.

Kuno zinthu zili mwina. Mayi wabwera pa basi kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, watsikira pa Park Station, ndipo munthu yekhayo amene akumudziwa mu mzinda wonsewu ndi mwamuna amene wamuyitana. Akukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Diepsloot kapena ku Mayfair, mbaula, bedi ndi ana zonse momwemo. Chizulu sachimva, Chingerezi amachita kutolera. Masiku 30 amene anamudindira pa chipata anatha kalekale. Pasipoti yake ili m'chikwama cha mwamuna, foni imafufuzidwa madzulo alionse, ndipo akapeza ganyu yochapa ndi kusita kwa abwana, malipiro amalowa mu akaunti ya mwamuna yemweyo chifukwa iye alibe mapepala otsegulira yake. Akayerekeza kudandaula amauzidwa kuti, “Pita kupolisiko, ukagone ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala.” Mawu amenewa amamanga munthu kuposa loko wa pachitseko. Onani kuti chilichonse chimene wankhanzayu akugwiritsa ntchito, mapepala, chilankhulo, ndalama, kutalika kwa kumudzi, n'chochokera ku ulendo womwewu umene tonse tinayenda. N'chifukwa chake ndikuti vutoli lili ndi nkhope ya ife a paulendo, ndipo mankhwala ake ayambire kwa ife.

Wina anena kuti za m'nyumba mwa eni salowerera. Mawuwa ali ndi nzeru yake pa nkhani za ndiwo, za bajeti ndi za kusemphana mawu kumene kulibe banja limene limakusowa. Koma m'zipinda zogundizana ngati zathuzi, moto ukabuka kwa mnansi palibe amene amadikira kuti ayitanidwe, ndipo palibe amene amatchedwa wamiseche chifukwa wathamanga ndi ndowa. Kumenya munthu ndi mlandu m'malamulo a Malawi ndi a South Africa omwe, ndipo chitseko chotseka sichisandutsa mlandu kukhala chinsinsi cha banja. Tikumbukirenso kuti bungwe lino limalowerera kale m'mabanja. Mmodzi wa ife akamwalira timasonkha ndalama, timayenda m'maofesi kufuna mapepala a maliro, timaperekeza bokosi mpaka ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Palibe amene amati imfayo ndi nkhani ya eni ake. Ngati tili abale okwanira kunyamula mtembo wa mayi, ndife abale okwanira kumumvera akadali moyo.

Wina anena kuti chikhalidwe ndi chipembedzo chathu zimati mwamuna ndi mutu wa banja, ndipo kuti izi za ufulu ndi za Azungu. Ndikupempha abusa ndi mashehe amene muli muno kuti mutithandize pamenepa, chifukwa mawu anu amalemera kuposa anga. Umutu wa banja umene makolo ankaphunzitsa unali wosamala, wodyetsa ndi woteteza. Mwamuna womenya mkazi ankatchedwa wankhanza, ankalipitsidwa pabwalo, ndipo mkamwini wotero ankatha kupirikitsidwa pamudzi. Mwambi woipa uja wakuti kumenya ndi mankhwala a banja unapekedwa ndi omenyawo kuti adzikhululukire. Komanso chikhalidwe chimakonzedwa ndi eni ake. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ambirimbiri ili pampando wa ufumu, ikugwiritsa ntchito mphamvu ya mwambo womwewo, ndipo mu 2017 aphungu athu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Amene anachita zimenezi ndi Amalawi, ndipo anachita chifukwa chokonda mtundu wawo.

Chotsutsa chachitatu n'cholemera, ndipo ndikufuna tichiyang'ane mosathamanga. Ena amati nkhani zotere tizikambirana tokha, akuluakulu a bungwe akhale ankhoswe, chifukwa kupita kupolisi n'kudziyalutsa pamaso pa eni dziko amene kale amatiyang'ana ndi diso loipa, ndiponso kungachititse kuti banja lonse lithamangitsidwe. Manthawa sali opanda maziko, ndipo aliyense amene anayendapo m'tauni muno mapepala atatha amawadziwa. Koma unkhoswe umagwira ntchito pamene anthu awiri asemphana ali ndi mphamvu zofanana. Pamene mmodzi akuopa mnzake, kuwakhazika pa benchi imodzi n'kumufunsa mkazi kuti afotokoze mwamuna ali pompo n'kumuika pa ngozi, chifukwa mawu alionse amene anene adzawalipira usiku womwewo. Ofufuza za imfa za amayi anaona kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mkazi akufuna kuchoka kapena wangochoka kumene, ndiponso kuti mwamuna amene anakanyangapo mkazi pakhosi ali pafupi kwambiri ndi kupha. Mayi akatiuza kuti anamugwira pakhosi, kuti anamuloza ndi mpeni, kapena kuti anamuopseza kuti amupha, imeneyo si nthawi ya uphungu. Ndi nthawi yomuchotsa pamalopo.

Pa za malamulo, tiyenera kudziwa chimene dziko lino limapereka, pakuti wankhanza amadalira umbuli wathu. Gawo 12 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wosachitiridwa nkhanza za mtundu uliwonse, ndipo silinena kuti nzika zokha. Gawo 27 limati munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Lamulo la Domestic Violence Act la 1998, limene linakonzedwanso mu 2021, limalola wochitiridwa nkhanza kukapempha protection order ku khoti la majisitireti popanda kulipira, ngakhale atakhala kuti ukwati wawo ndi wongolowana. Khoti likhoza kuletsa mwamuna kufika pakhomo kapena kuntchito kwa mkazi, kumulamula kupereka ndalama zothandizira mwachangu, ndi kutuma wapolisi kuti aperekeze mkaziyo kukatenga katundu wake. Limatulutsanso chikalata chomumangira chimene chimadikira kuti iye aphwanye lamulolo. Munthu wina wokhudzidwa akhoza kukapempha m'malo mwa mwini wake ngati mwiniyo wavomereza polemba. Kwa amene wagwiriridwa, kuli malo otchedwa Thuthuzela Care Centre, monga amene ali pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Dokotala amalemba mabala pa fomu ya J88, imene imakhala umboni kukhoti. Pali nambala yaulere ya 0800 428 428 yothandiza ochitiridwa nkhanza, pali bungwe la POWA limene lakhala likuthandiza amayi kuno chiyambire 1979, ndipo pa nkhani ya mapepala pali Lawyers for Human Rights. Mayi wosalankhula Chingerezi, wamantha, sangafike yekha kumalo onsewa. Akapita ndi anthu awiri a bungwe odziwa malamulo ndi chilankhulo, amalandiridwa mosiyana. Apa ndi pamene pali ntchito yathu.

Abambo ena afunsa kuti, nanga amuna ozunzidwa, nanga onamiziridwa? Funsoli n'loyenera. Alipo amuna amene amamenyedwa, kutukwanidwa ndi kulandidwa malipiro, ndipo manyazi amawatseka pakamwa kuposa amayi. Khomo limene tikutsegula likhale lawonso, ndipo lamulo lija limawateteza mofanana. Koma tisabise kuti ochuluka mwa ovulala ndi ophedwa ndi amayi. Za kunamiziridwa, bungwe si khoti ndipo silidzagamula mlandu wa munthu. Kupatsa mayi ndi ana ake pogona masiku angapo sikumanga aliyense. Kugamula ndi kwa majisitireti, amene amamva mbali zonse ziwiri asanapereke lamulo lokhazikika. Tikalakwitsa pothandiza munthu amene sanali pa ngozi, tataya ndalama zochepa. Tikalakwitsa pomubweza munthu amene anali pa ngozi, sitingathe kukonza.

Tisaiwalenso akazi amene anatsala kumudzi. Mwamuna amene amasiya dala kutumiza ndalama ya ana pofuna kulanga mkazi, amene amamuopseza pa WhatsApp ndi kutuma abale ake kuti azimulondalonda, akuchita nkhanza ngakhale ali kutali chotere, ndipo lamulo la kwathu la 2006 limawerengera nkhanza za chuma ndi za m'maganizo. Ife amene timadya naye nsima Lamlungu ndife amene tingamuuze zoona. Mwamuna amamva msanga akadzudzulidwa ndi mwamuna mnzake amene amamulemekeza, ndipo ana athu aamuna akuphunzira kukhala amuna poona zimene timaseka nazo ndi zimene timakana.

Choncho, bambo wapampando, ndikupempha msonkhano uno kuti usabalalike usanagwirizane zinthu zinayi. Tisankhe kagulu ka amayi atatu ndi abambo awiri odziwika kuti amasunga chinsinsi, akaphunzitsidwe ndi mabungwe odziwa ntchitoyi, ndipo manambala awo adziwike kwa membala aliyense. Tipatule gawo la zosonkha zathu za mwezi ndi mwezi likhale thumba lolipirira thiransipoti, pogona ndi chakudya cha wothawa nkhanza, kapena tikiti ya basi ngati iye mwini wasankha kubwerera kumudzi, pakuti chosankha ndi chake. Tilembe m'malamulo a bungwe kuti pamene pali kumenya kapena kuopseza sitikhazika awiriwo pamodzi, ndipo sitiulula kumene wothawayo ali, ngakhale wofunsayo akhale wa mu komiti. Pomaliza, tigwirizane kuti munthu amene khoti lamupeza kuti ndi wankhanza asakhale pa udindo m'bungwe lino mpaka ataonetsa kuti wasintha. Zonsezi tingazikwanitse ndi anthu ndi ndalama zimene tili nazo kale. Ndikupempha kuti mfundozi zilowe m'ndondomeko ya zokambirana za lero, ndipo tivote.