Chithunzi Ndi Mboni: Phunziro la ku Kavalamanja

Lero tikambirana za ntchito yojambula zithunzi za anthu ndi makhalidwe awo. Chitsanzo chathu tichitenga ku Kavalamanja, mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'boma la Luangwa limene kale linkatchedwa Feira.

Zithunzi zilipo za mitundu iwiri. Pali chija timajambulitsa titavala zovala za pa Sabata, titaima chilili. Palinso china chimene chimapeza munthu ali pa ntchito yake: msodzi akusoka ukonde, mayi akuyanika masau, nkhalamba ikuluka mphasa. Chachiwirichi ndicho mboni, pakuti chidzauza obadwa m'tsogolo mmene ife tinkakhalira.

Ntchito imeneyi si yachilendo pa Zambezi. Dr John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira 1858 mpaka 1863, anajambula zithunzi kumunsi kwa mtsinjewu. Koma kamera ya masiku amenewo inkafuna kuti chojambulidwa chikhale chosagwedezeka kwa nthawi yaitali, motero zambiri mwa zithunzi zake zimaonetsa mitengo ndi nyumba, osati anthu ali pa ntchito.

Chiyambire nthawi imeneyo moyo wa m'chigwachi wasintha kwambiri. Damu la Kariba litatha kumangidwa mu 1959, madzi analeka kusefukira monga ankachitira kale, ndipo ulimi wa m'madimba ndi usodzi zinasintha. Pa 6 Malichi 1978 asilikali a dziko la Rhodesia anathira nkhondo Kavalamanja, chifukwa kumeneko kunali msasa wa ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe. Anthu anafa, ena anathawa kusiya nyumba ndi minda yawo. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi anthu amasonkhana kukumbukira tsikulo, koma amene anaona ndi maso awo akukalamba. Akamwalira tisanawajambule ndi kulemba mawu awo, tidzafunsa yani? Paja madzi akatayika saoleka.

Tsono aphunzitsi, ntchito nayi. Tengani ana anu ndi kamera, ngakhale ya pafoni, mupite kudooko, kudimba ndi kumtondo. Musanajambule munthu, yambani mwapempha chilolezo mwaulemu; akakana, musiyeni. Musamuuze kuti akasinthe zovala. Chithunzi chikatsukidwa, ana alembe kumbuyo kwake zinthu zinayi: dzina la munthu, malo, tsiku, ndi chimene akuchita. Chithunzi chopanda dzina n'chosalankhula. Musungeni zithunzizo pasukulu, pamalo posafika chiswe ndi chinyezi, monga amasungira zithunzi za dziko lonse ku National Archives mu Lusaka.

Inu ana, madzulo ano funsani agogo anu kuti: “Kodi ndi chiyani chimene munkachiona muli ana, chimene lero kulibe?” Lembani yankho lawo m'kope, mawa mukawerengere anzanu m'kalasi. Tsalani bwino.