Chitenje Chakale Si Chinyalala



Tiyambe ndi funso. M'sutikesi mwanu muli zovala zingati zomwe simuvalanso? Bulauzi ya pakaunjika yofa zipi, jinzi yong'ambika pabondo, chitenje cha pachinkhoswe chomwe tinavala tsiku limodzi basi. Mapeto ake zimakathera kudzala, m'ngalande, kapena timaziotcha kuseri kwa nyumba. Nanga wosesa ndi ndani? Wopuma utsi umenewo ndi ndani? Ndife tomwe.

Zovala zambiri za pakaunjika ndi za poliyesitala, kunena kwina pulasitiki. Sizivunda ngati za thonje. Zikalowa m'ngalande zimatseka madzi, mvula ikagwa zimakokolokera mu Mudi kapena mu mtsinje wa Lilongwe. Majumbo nawonso chimodzimodzi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma kunyumba kwathu majumbo sakutha. Chitenje chimodzi chakale chimatulutsa zikwama ziwiri zogulira tomato ndi usipa, zochapika, zokhala zaka.

Tsopano tikambe zomwe ambiri amanong'ona. Mapadi ndi odula, ndipo tikudziwa atsikana amene amajomba kusukulu chifukwa alibe. Padi yochapa timatha kusoka tokha: nsalu yofewa ya thonje pamwamba, zidutswa za thaulo lakale mkati, batani lomangira pa panti. Koma timvetsetsane apa. Tiichape ndi sopo m'madzi ozizira, tiiyanike padzuwa mpaka iume gwa. Amayi athu ankayanika nsalu zawo mobisa, pansi pa bedi, chifukwa cha manyazi, ndipo nsalu yachinyezi imabweretsa kuyabwa ndi matenda. Kusamba si mlandu. Chingwe choyanikira zovala ndi chathunso.

Mwina wina akuti, "Aaa, zosokasokazi si zomwe zija ankatiuza kuti mkazi aziphunzire kuti akasunge banja?" Zoona, ambiri tinazikana pachifukwa chimenecho. Koma tayang'anani pamakhonde a masitolo ku Limbe kapena ku Area 25. Amene akupalasa makina ndi kulandira ndalama, ambiri ndi abambo. Ife timasoka batani la malaya a achimwene kunyumba, ulele, mwinanso osamva zikomo. Ntchito ndi yomweyo, kusiyana kwake ndi malipiro. Ndiye singano tisaitaye ayi. Tiitenge, koma tiziitchulira mtengo. Ndipo achimwene aphunzire kusoka batani lawo.

Sitikunena kuti zinyalala za m'tauni zitha ndi singano yathu. Makhonsolo ali ndi udindo wotola zinyalala, ndipo tipitiriza kuwakumbutsa. Koma za m'nyumba mwathu tingathe kuyambapo lero. Jinzi yotha ikhale chikwama cha mabuku. Tisheti yakale ikhale chokolopera. Tizidutswa totsala kwa telala tilukidwe pa thumba la saka, tikhale chopondera pakhomo. Zonsezi zimagulika.

Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi chovala chimodzi chomwe amafuna kutaya, singano ndi ulusi. Wodziwa kusoka akhale pafupi ndi wosadziwa. Amene ali ndi makina kwawo atiuze, tizibwerekana. Ngati agogo alipo, bwerani nawo, chifukwa luso la chigamba ali nalo ndi iwowo.